Kusamutsa Katundu Kucokera ku Joni Osataya Ciphaso

Anthu a masiku akale amene anapita kumigodi ya ku Joni anali kubwera kwao atasenza bokosi la citsulo. M'bokosimo munali mabulangete, nsalu ya mai, jekete ndi kalilole. Amene anacita mwai anafikanso ndi njinga, makina osokera kapena galamafoni, ndipo mudzi wonse unali kusonkhana kudzaona. Anthu amenewo sanabvutike mtima ndi za kubwereranso, pakuti pangano la nchito likatha analibe malo ena koma kwao. A Wenela anawatenga, a Wenela omwewo nawabweza. Amene anakanirira komweko anachedwa machona, ndipo pamudzi anali kuwawerenga ngati otayika.

Masiku ano zinthu zasintha. Alipo anthu a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, ndi anansi ao a ku Malawi, amene akhala ku South Africa zaka zambiri monga mwa lamulo, nalandira ciphaso ca kukhazikika m'dzikomo, cimene pa Cingerezi acicha Permanent Residence Permit. Ena anacilandira atagwira nchito zaka 5 ndi ciphaso ca nchito, ena cifukwa ca ukwati, ndipo ena m'caka ca 1996, pamene Boma la Nelson Mandela linalola anthu a maiko a SADC amene anakhalitsa m'dzikomo kuti alembetse. Mwini ciphaso cotere sali nzika ai: pasipoti yace ikali ya Zambia, ndipo pa masankho saponya voti. Koma akhoza kugwira nchito, kucita malonda, kuphunzitsa ana ace, ndi kulowa ndi kutuluka m'dziko osapempha cilolezo caka ndi caka. Ciphaso cimeneci cipezeka mobvutikira ndi modikira, ndipo cikatayika sicibwera msanga.

Tsono munthu wotere, zaka zikapita, amanga nyumba ya malata kwao, ndipo mtima wace uyamba kukhumba kuti mipando, mabedi, firiji ndi sitovu zimene anagula ndi thukuta lace zikakhale m'nyumbamo. Pamenepo pabuka funso limene libvuta ambiri: kodi katundu akaoloka malire, ciphaso citsala ndi mphamvu? Yankho lace mwacidule ndi ili: mipando siithetsa ciphaso. Cimene cithetsa ciphaso ndico kukhalitsa kunja kwa mwini wace. Ndipo cimene cilowetsa munthu m'mlandu ndico kunena mau awiri osiyana kwa anchito a Boma.

Mazenera Awiri pa Cipata

Pa cipata ciri conse ca malire pali mazenera awiri, ndipo anthu okhala kuseri kwace safunsa zinthu zofanana. Pa zenera loyamba pali oona za anthu olowa ndi otuluka. Iwo afuna kudziwa kuti munthuyu ndani, alowa ndi cilolezo cotani, ndipo akhala masiku angati. Pa zenera laciwiri pali a kasitomu. Iwo ayang'ana katundu: nciani ici, nca yani, mtengo wace ndi wotani, ndipo cipita kukacita ciani.

Ku South Africa mwini wa ziphaso za kukhazikika ndiye Department of Home Affairs, ndipo kuyambira April 2023 odinda mapasipoti pa zipata ndi anchito a Border Management Authority. Za katundu ziri m'manja mwa SARS. Kuno ku Zambia za anthu ziri ndi Department of Immigration, ndipo za katundu ziri ndi Zambia Revenue Authority, kapena ZRA, imene inayamba nchito m'caka ca 1994. Munthu akhoza kukondweretsa zenera limodzi nakanidwa pa linzace, cifukwa liri lonse liyenda ndi lamulo lace.

Akulu akumbukira kuti pa nthawi ya Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, katundu anali kuoloka pa Chirundu, kapena kucoka ku Fort Jameson kunka ku Fort Manning, popanda msonkho, pakuti maiko atatuwo anali ndi kasitomu mmodzi. Zimenezo zinatha pa 31 December 1963. Enanso aganiza kuti mapangano a SADC ndi COMESA anacotsa misonkho yonse. Mapangano amenewo acepetsa msonkho pa katundu wopangidwa m'maiko a m'panganomo, pamene pali kalata yotsimikiza kumene anapangidwira. Koma sacotsa udindo wa kuonetsa katundu, ndiponso sacotsa VAT. Komanso South Africa iri mu SADC, koma mu COMESA mulibe.

Lamulo la Zaka 3

Lamulo limene liweruza za alendo ku South Africa ndilo Immigration Act, nambala 13 ya caka ca 2002. Cigawo 28 ca lamulolo cipatsa Director-General wa Home Affairs mphamvu ya kulanda ciphaso ca kukhazikika pa zifukwa zowerengeka. Zina ndi za milandu yaikulu, zina ndi za kuswa mapangano olembedwa pa ciphasoco. Koma cifukwa cimene cikhudza munthu wosamuka ndi ici: kukhala kunja kwa dziko koposa zaka 3. Cina cofanana naco cikhudza munthu amene walandira ciphaso catsopano koma osayamba kukhala m'dzikomo caka cimodzi cisanathe.

M'cigawo conseco mulibe mau a mipando, kapena mabedi, kapena galimoto. Lamulo liwerenga masiku a munthu, osati akatundu ace. Munthu akhoza kutumiza nyumba yace yonse ku Katete natsala ku Joni ndi mphasa ndi mphika umodzi, ciphaso cace osagwedezeka. Wina akhoza kusiya nyumba yodzala ndi zinthu ku Joni, napita kwao ndi sutikesi imodzi. Akakhala kumeneko zaka 4, ciphaso cace ciri pangozi ngakhale mipando yace ikali komweko.

Lamulo lomwelo lasiya makomo awiri a cifundo. Loyamba ndi lakuti munthu wokhala ndi cifukwa comveka akhoza kupempha kuti amuonjezere nthawi. Koma pempholo liyenera kutsogola. Wopempha zaka 3 zitatha kale wacedwa. Laciwiri ndi lakuti pali masiku ena amene sawerengedwa konse: masiku amene munthu ali kunja pa nchito ya Boma la South Africa, kapena pa nchito ya kampani kapena munthu wa m'dzikomo amene wamtuma, kapena pa nchito ya bungwe la maiko limene South Africa irimo. Mkazi kapena mwamuna wa munthu wotere, ndi ana amene akali m'manja mwace, akakhala naye pamodzi, nawonso masiku ao sawerengedwa. Cimodzimodzi amene ali kunja pamodzi ndi mwamuna, mkazi kapena kholo limene liri nzika ya South Africa.

Kusiyana kwace kuoneka motere. Mwamuna amene kampani ya ku Johannesburg yamtuma kukayang'anira sitolo yace ku Lusaka kapena ku Kitwe akhoza kusamuka ndi zace zonse, ndipo zaka zace siziwerengedwa. Cofunika ndi kusunga kalata ya kampani yosonyeza kuti anatumidwa. Koma mwamuna amene wasiya nchito yekha kuti akalime nsawawa ndi cimanga ku Petauke, masiku ace ayamba kuwerengedwa pa tsiku limene cidindo ca kutuluka cagwa m'pasipoti yace.

Cimene a Kasitomu Afuna Kumva

Katundu ali yense wolowa m'Zambia ayenera kuonetsedwa kwa a ZRA, kaya ndi watsopano kaya wakale. Pa zinthu zambiri zopangidwa kale msonkho wa pa cipata uli K25 pa K100 iri yonse ya mtengo wace, ndipo pamwamba pace aonjeza VAT ya K16 pa K100. Mwacitsanzo, ngati a kasitomu aika mtengo wa K20,000 pa katundu wa mtundu umenewu, msonkho ukhala K5,000. VAT iwerengedwa pa K25,000, ndiyo K4,000. Zonse pamodzi K9,000. Munthu amene sanakonzeke akamva ciwerengero cotere pa Chirundu, lole itaima padzuwa, mutu uima.

Koma malamulo a kasitomu acitira cifundo munthu wobwera kudzakhala. Nzika imene yakhala kunja zaka zimene lamulo lifuna, ndipo tsopano yabwerera kwao kudzakhazikika, ikhoza kulowetsa zinthu zace za m'nyumba popanda msonkho. Zinthuzo ziyenera kukhala zace-zace, zimene inali nazo isanafike. Zifike pamodzi ndi mwini wace kapena m'nyengo imene lamulo lilola. Ndipo zisagulitsidwe kapena kupatsidwa kwa wina popanda cilolezo ca a ZRA. Iwo sakhulupirira mau a pakamwa okha. Afuna umboni wosonyeza kuti munthuyo anakhaladi kunja ndi kuti wabweradi, monga pasipoti ndi makalata a kunchito kumene wacokera.

Apa ndi pamene pali msampha. Kuti asalipire msonkho, munthu ayenera kunena kwa a ZRA kuti wabwera kudzakhala. Kuti asunge malo ace ku Joni, mtima wace ufuna kunena kuti sanacokeko. Ena tsono ayesa kudya mbali zonse ziwiri: alemba pa fomu kuti abwerera kwao kotheratu, atsitsa katundu pamudzi, ndipo patapita masabata awiri ali pa basi kubwerera kunchito yao yakale. Kutero ndi kunama kwa Boma. Zikadziwika, katundu akhoza kulandidwa, msonkho ulipidwa ndithu, ndi cilango pamwamba pace. Ndipo sizibvuta kudziwika, pakuti pasipoti imodzi yomweyo ndiyo ipita pa mazenera onse, ndipo zidindo zace zinena masiku amene munthu analowa ndi kutuluka. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa.

Cosangalatsa ndi cakuti palibe cifukwa ca kunama. Munthu amene wabwereradi kwao sataya ciphaso cace ca ku South Africa pa tsiku lomwelo. Ndipo munthu amene atumiza katundu cabe sataya kanthu koma ndalama za msonkho. Cofunika ndi kusankha njira imodzi lole isanapakiridwe.

Njira Zitatu

Njira yoyamba ndi ya munthu amene akali pa nchito ku Joni ndipo afuna kukonzeratu nyumba ya kwao. Ameneyu anene zoona, kuti atumiza katundu koma iye sanasamuke, alipire msonkho, nasunge lisiti. Ciphaso cace sicikhudzidwa. Nzeru yace ndi kuwerengera asananyamule: mtengo wa lole ndi msonkho zikaphatikizana, kawirikawiri bedi kapena kabati wokhomedwa ndi mmisiri wa ku Chipata aposa kuchipa wocokera kutali. Atumize zokhazo zimene sizipezeka kwao kapena zimene mtima wace sungasiye.

Njira yaciwiri ndi ya munthu amene wapumadi nchito nabwerera kudzakhala. Ameneyu alembere a ZRA asananyamuke, adziwe mapepala amene afuna, ndi kupempha cifundo ca obwerera kwao. Alembenso m'buku lace tsiku limene anatuluka m'South Africa, pakuti kuyambira tsikulo ali ndi nyengo ya kuyesa moyo wa kwao. Munda ukakana, kapena matenda akamkakamiza kufuna cipatala ca kumene anazolowera, khomo likali lotseguka zaka 3 zisanathe. Akaona kuti kwao kwamuyanja, akhoza kuleka ciphaso ndi mtima woyera, podziwa kuti wasankha yekha, sicinamtayike m'tulo.

Njira yacitatu ndi ya munthu amene apita kwa nyengo yodziwika: kukadwazika kholo, kukamanga nyumba, kapena kukakonza za masiye. Ameneyu asanyamule zambiri. Zinthu za mtengo wapatali zimene adzabwera nazo, monga zida za nchito, kompyuta kapena makina, azilembetse kwa a SARS potuluka, kuti pobwera asadzafunsidwe msonkho pa zinthu zace zomwe. Akaona kuti matenda a kholo atalika, alembe kalata ya kupempha nthawi yoonjezera, pamodzi ndi umboni wa dotolo, caka cacitatu cisanathe.

Mai ndi Ana

Pali cinthu cimodzi cimene amuna ambiri aiwala. Ciphaso ca kukhazikika sicili ca banja. Munthu ali yense ali ndi cace, ndipo masiku a ali yense awerengedwa paokha. Kawirikawiri katundu akafika pamudzi, bambo abwerera ku Joni, nasiya mai kuti ayang'anire nyumba yatsopano ndi zinthu za m'katimo. Caka cipita, cina cipita. Bambo abwera pa Khirisimasi iri yonse, koma mai sanaoloke Limpopo. Zikakwana zaka 4, bambo ali bwino ndi Boma, pamene ciphaso ca mai ciri pangozi, ndipo amene anatumidwa kukasunga mipando ndiye wataya cuma coposa mipandoyo.

Cimodzimodzi ana otumizidwa kukaphunzira kwa agogo ao. Mwana wolowa sukulu ya sekondale ku Eastern Province, namaliza osapitako kwa makolo ace pa holide, akhala kunja koposa zaka 3. Banja lanzeru likhala pansi, bambo ndi mai pamodzi, ndi kuwerenga masiku a munthu ali yense, kuti ulendo wa kubwerera usakhale wa bambo okha.

Ulendo wa Lole

Kucoka ku Johannesburg kufika ku Chipata pali makilomita oposa 2,000, ndipo palibe njira yosadutsa dziko lina, pakuti South Africa ndi Zambia sizigundana malire. Njira yozolowereka ioloka Limpopo pa Beitbridge, pamene ulalo woyamba unamangidwa m'caka ca 1929, ipyola Harare, nioloka Zambezi pa Chirundu. Kuyambira December 2009 cipata ca Chirundu ciri ca kuima kamodzi: wopita kumpoto aima tsidya la Zambia lokha, napeza anchito a maiko onse awiri m'nyumba imodzi. Njira ina idzera ku Botswana ndi kuoloka pa ulalo wa Kazungula, wa mamita 923, umene unatsegulidwa mu May 2021. Yacitatu icoka ku Harare kudzera ku Nyamapanda ndi Tete, nilowa m'Zambia pa Chanida pafupi ndi Katete. Koma pamenepo maiko odutsa akhala awiri, ndipo mapepala acuruka.

Dziko lodutsamo silifuna msonkho pa katundu wopitirira, koma lifuna citsimikizo cakuti katunduyo adzatulukadi. Cifukwa cace ejenti wa kasitomu aika cikole, ndipo citseko ca lole cimangidwa ndi kacingwe ka citsulo kokhala ndi nambala. Katundu ayenera kutuluka pa cipata colembedwa, m'masiku olembedwa, kacingweko kosaduka. Munthu amene auza dalaivala kuti aime pa Harare ndi kutsitsira mlamu wace kabati mmodzi waswa pangano limeneli, ndipo mlandu wace uposa mtengo wa kabatiyo.

Pepala lofunika koposa pa ulendo wonse ndilo mndandanda wa katundu. Bokosi liri lonse lilembedwe nambala, ndipo pa mndandanda palembedwe za m'kati mwace ndi mtengo wace woyenera. Firiji, sitovu ndi wailesi ya kanema zilembedwe ndi manambala ace a kufakitale. Malisiti a kusitolo asonyeza kuti zinthuzo ndi zace ndiponso tsiku limene anagula. Mndandandawo ukhale ndi makope angapo, pakuti cipata ciri conse cifuna yace.

Pali zinthu zimene zibweretsa mabvuto kawirikawiri. Mabulangete 30 ofanana, akali m'mapepala a kusitolo, saoneka ngati a banja limodzi. A kasitomu awayesa malonda. Mipando yogula pa ngongole imene siinathe kulipidwa siyenera kutuluka m'dziko popanda cilolezo ca mwini sitolo. Mfuti, mankhwala ambiri, mbeu, mitengo yookera, ziweto ndi nyama yaiwisi zifuna zilolezo zapadera, ndipo ndalama zambiri za m'thumba ziyenera kuululidwa. Ndiponso pali timaphukusi ta abale. Mbiri ikamveka kuti uje atumiza lole kumudzi, anzace afika ndi mau akuti, "Acimwene, munditengereko aka kwa amai." Kukana nkobvuta, koma pa cipata mwini lole ndiye ayankha za zonse ziri m'menemo. Phukusi liri lonse limasulidwe mwini wace akuona, ndi kulembedwa pa mndandanda ndi dzina lace.

Za onyamula katundu, alipo makampani akulu ndiponso anthu a magalimoto okoka ngolo, amene ku Bulawayo ndi ku Joni awacha malayitsha. Ali yense amene asankhidwa, pangano lilembedwe: mtengo, tsiku la kufika, amene alipira ejenti, ndi amene abweza cinthu cikasweka kapena kusowa. Wonyamula amene anena kuti mapepala safunika cifukwa iye adziwana nao a pa cipata, ameneyo ndi woopsa. Mwini katundu aumirire kuona lisiti ya ZRA yeni-yeni, cifukwa pa mseu wa Great East apolisi akhoza kuifunsa, ndipo popanda iyo katundu ayesedwa wozembetsa.

Galimoto

Galimoto iri ndi mlandu wace-wace. Ya nambala ya South Africa ilowa m'Zambia ndi cilolezo ca kanthawi, ndipo iyenera kutuluka masiku olembedwa asanathe. Siloledwa kugulitsidwa, kapena kusiyidwa kwa mphwace kuti azinyamulira anthu pakati pa Chipata ndi Mwami. Woyendetsa akhale ndi buku la galimoto. Ngati ikali pa ngongole, kalata ya banki yolola kuti ituluke. Ndi inshuwaransi ya m'maiko odutsamo. Yellow Card ya COMESA igwira nchito ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi. Munthu wofuna kuti galimoto ikhaliretu kwao ayenera kuitulutsa mwa lamulo: kalata ya apolisi yosonyeza kuti siyakuba, mapepala a SARS, kenaka kukonza za msonkho ndi a ZRA ndi kulembetsa nambala ya Zambia. Wa njira yoyamba kapena yacitatu acita bwino kubwerera nayo.

Mapepala a Munthu

Ciphaso ca kukhazikika, citupa ca South Africa ndi pasipoti zisalowe m'bokosi la pa lole. Ziyende pa thupi la mwini wace, ndipo makope otsimikizidwa atsale kwa munthu wokhulupirika mbali zonse ziwiri. Lole ikhoza kucedwa sabata pa cipata, kapena kugwa, kapena kuberedwa. Pasipoti yakale ikatha isatayidwe, cifukwa zidindo zace ndizo mboni ya masiku amene munthu anali m'dziko.

Munthu aime yekha pa zenera ndi kuona cidindo cikugwa. Alipo amene apereka pasipoti kwa anthu a pa mseu kuti akaidinditse mwini wace ali kunyumba, poganiza kuti atero kuti masiku asakwane. Cidindo cotere sicipezeka m'makompyuta a Boma monga mwa ulendo weni-weni, ndipo cikagwidwa, munthu amene anali ndi mlandu wa kucedwa cabe akhala ndi mlandu wa cinyengo. Ndi bwinonso kusunga zosonyeza kuti moyo wace ku South Africa ulipo ndithu: buku la kubanki loyenda, makalata a msonkho, ndi pangano la nyumba.

Maiko Ena

Zaka 3 ndi lamulo la South Africa lokha. Dziko liri lonse liri ndi muyeso wace, ndipo munthu asatengere lamulo la mnzace. Ku Britain cilolezo ca kukhala kosatha, cochedwa indefinite leave to remain, citha mphamvu mwini wace akakhala kunja koposa zaka 2 zotsatana. Ku Canada munthu ayenera kukhala m'dziko masiku 730 pa zaka 5 ziri zonse. Ku America green card siilowetsa munthu amene wakhala kunja koposa caka cimodzi, pokhapo atapempha asanacoke cilolezo ca kubwereranso, cimene cifika zaka 2. Ndipo kumeneko ayang'ananso ngati munthuyo anasiya dzikolo mumtima mwace, kotero kuti kusamutsa nyumba yonse kukhoza kukhala umboni womtsutsa. Nayenso Mmalawi wokhala ku Zambia ndi ciphaso ca kukhazikika, akafuna kupita ndi katundu kwao kudzera pa Mwami ndi Mchinji, ayambe wafika ku ofesi ya Immigration, nanene za ulendo wace mwa kalata. Safunsa anadya phula.

Iripo njira imene ithetsa kuwerenga masiku konse. Lamulo la unzika la South Africa, la caka ca 1995, lilola mwini ciphaso ca kukhazikika kupempha unzika atakhala m'dzikomo zaka 5 ndi ciphasoco. Ndipo kuyambira 2016 Constitution ya Zambia ilola munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Nzika ikhoza kukhala kwao zaka zambiri osataya malo. Koma pempho limeneli licitika munthu akali m'dzikomo, asanasamuke. Ici ndi cifukwa cina ca kusafulumira kuitana lole.

Agogo a bokosi la citsulo anali ndi mudzi umodzi. Adzukulu ao ali ndi midzi iwiri, ndipo malamulo sawaletsa. Cimene malamulo afuna kwa iwo ndi zinthu zitatu: kusankha ngati atumiza katundu kapena asamuka, kunena mau amodzi-modzi pa mazenera onse awiri, ndi kuwerenga masiku a munthu ali yense wa m'banja. Wocita zimenezi adzakhala pa mpando wace pakhonde la ku Katete ndi mtima pansi, lisiti ya ZRA iri m'kabati, ndi ciphaso cace cikali ndi mphamvu.